Mutu 6: Mzere wa Choko pa Bondo la Kamphepo

1. M'chipinda cha mipira

Kuseri kwa holo ya sukulu kunali kachipinda kosungiramo zipangizo zamasewero. Munali mipira yophwa, maukonde ong'ambika, zingwe zolumphira ndi matiresi akale otuluka thonje m'mbali. Kazenera kake kanali m'mwamba, ndipo m'katimo munkanunkha fumbi ndi labala. Umu ndi mmene Kamphepo ankadzitsekera masana aliwonse anzake akathamangira kubwalo.

Dzina lakuti Kamphepo anamupatsa ndi anzake chifukwa cha liwiro lake. Pa mpikisano wothamanga mopatsirana kamtengo, iyeyo ndiye ankakhala womalizira. Atsikana atatu ankamubweretsera kamtengo, iye n'kubweretsera sukulu chikho. Koma teremu imeneyi itangoyamba, bondo lake lakumanja linayamba kuwawa cha kutsogolo. Ankalimva akamatsika masitepe, akakhalitsa pampando, ndiponso akamakhota pa ngodya ya bwalo.

Madamu a masewero anapita naye kuchipatala. Dokotala wa mafizo anamuimiritsa ndi mwendo umodzi n'kumuuza kuti anyonyomale pang'ono. Atayang'anitsitsa, anapukusa mutu.

"Bondoli silinathyoke, silinang'ambike," anatero dokotalayo. "Likungodandaula chifukwa likusenza katundu wa eni ake. Ntchito yowongolera mwendo ndi ya minofu ya m'chiuno ndi ya m'matako. Kwa iwe minofu imeneyi ili m'tulo. Ukaponda pansi, ntchafu imagwera m'kati, bondo n'kupindikira komweko. Siya kaye kuthamanga, udzutse minofuyo."

Anamuphunzitsa mafizo atatu. Oyamba ankawatcha mlatho: kugona chagada, kupinda mawondo, n'kunyamula chiuno m'mwamba. Achiwiri ankawatcha nkhanu: kumanga chubu cha njinga pamwamba pa mawondo, kunyonyomala pang'ono, n'kumayenda cham'mbali. Achitatu anali mpando wosaoneka: kubweza matako m'mbuyo ngati ukufuna kukhala pansi, kenako n'kuimiriranso.

Tsiku loyamba Kamphepo anachitira mafizowo pa udzu, m'mbali mwa bwalo. Sanafike nawo patali. Anyamata a mpira ankadutsa pomwepo, ndipo pakati pawo panali wina amene onse ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira.

"Nazi nkhani zimene zangotipeza kumene," anatero Wailesi, atagwira botolo la madzi ngati cholankhulira. "Kamphepo wapuma pa ntchito yothamanga. Tsopano wayamba ulimi wa mbina. Feteleza wake akuti ndi chubu cha njinga."

Anyamata anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ngakhale atsikana a timu yake anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

Mawa lake Kamphepo anapempha kiyi wa kachipinda ka mipira. Madamu, amene anali ndi matimu ambiri oti aziyang'anira, anamupatsa osafunsa zambiri.

Kuyambira tsiku limenelo ankalowa, n'kutseka chitseko, n'kuyala matiresi. Khutu lake linkakhala kuchitseko. Mlatho ankaukweza n'kuugwetsa ngati munthu wopopa madzi pa mjigo. Nkhanu yake inkathamanga kuchoka kukhoma ili kufika kukhoma lija. Pa mpando wosaoneka ankangokhudza n'kudzambatuka ngati wakhalira khala lamoto. Sankaona cholakwika. Chiyambire, kwa iye kumaliza msanga ndiye kunali kupambana.

Akamaliza ankakwera pa bokosi la mipira n'kusuzumira pakazenera. Kutali ankaona anzake akupatsirana kamtengo. Pamalo pake pankathamanga mtsikana wa Folomu 1, wamiyendo yaitali, amene ankamutcha Chiwala.

Pa nthawi yopuma anzake sankamuthamangitsa, koma nkhani zawo zinali za kubwalo zokhazokha. Iye akafika, nkhani inkazizira. Kaputeni wa timu ankangoti, "Ukachira utiuze, aise," n'kutembenukira kwa ena. Posakhalitsa Kamphepo anayamba kudyera kamba wake pa sitepe ya kachipinda kaja, yekha.

2. Chenjezo la azakhali

Kamphepo ankakhala ndi azakhali ake, mlongo wawo wa malemu bambo ake, m'chipinda chimodzi cha lendi. Mayi ake ankagwira ntchito kutali, ndipo ankaonana nawo pa holide pokha. Azakhaliwo anali telala. Makina osokera anali pafupi ndi khomo, bedi linali kukhoma, ndipo pakati pa ziwirizi panali kampata kongokwana munthu mmodzi wogona.

Loweruka lina azakhali anatuluka kukagula ulusi. Kamphepo anatseka chitseko, n'kutulutsa chubu m'chikwama, n'kuchimanga m'mawondo. Sanadziwe kuti azakhali aiwala kansalu kofananizira mtundu wa ulusiwo. Chitseko chinatseguka iye ali pakati pa kuyenda cham'mbali.

"Iwe mwana, zimenezi ndiye ziti?"

"Ndi mafizo, Azakhali. Aja ndinakuuzani kuti dokotala..."

"Unandiuza za bondo. Za izi sunandiuze. Ndazimvera kwa mayi ake a mnyamata wolongolola wa kusukulu kwanu uja, atabwera kudzayesa diresi. Ndinawakanira kuti mwana wa achimwene sangachite zimenezo. Lero ndadzionera ndekha."

Anakhala pa mpando wa makina n'kumulozera pabedi.

"Khala apo undimvere. Ine ndine telala, ndipo tepi yangayi yazungulira ziuno zambiri. Ndaona atsikana akubwera pano siketi ili bwinobwino, n'kumati, Amayi, ikulitseni kumbuyoku. Ndikafunsa, wina akuti ndikumwa mapilisi, wina akuti ndikupaka mafuta, wina akuti ndinabayitsa jakisoni kuseri kwa saluni. Pakapita miyezi amabweranso nkhope itatupa, khungu lili zilonda, sukulu atasiya. Siketi ija n'kumati ndiibwezenso. Onsewo anayamba ndi tizinthu tating'ono ngati timeneti, chitseko chili chotseka. Thupi limene uli naloli ndi lokwanira. Achimwene anandisiyira iwe kuti uphunzire, osati uzikonza kumbuyo koti anyamata azitembenukira. Ndiyankhe funso limodzi lokha. Ngati ndi mankhwala a bondo, wadikiriranji kuti ndichoke?"

Kamphepo anaweramitsa mutu. Anangoyang'ana zidutswa za nsalu zimene zinali mbwee pansi.

Azakhali anatambasula dzanja. Iye anamasula chubu n'kuwapatsa. Azakhaliwo anachipinda n'kuchiika m'kabati ya makina, momwe ankasungamo sizasi ndi singano.

Tsiku lonselo m'nyumbamo munkalankhula makina okha. Madzulo foni ya azakhali inalira. Anali mayi ake. Kamphepo atapatsidwa foniyo anati zonse zili bwino, sukulu ikuyenda, bondo likupezako bwino. Mayi ake anati akusunga malo pakhoma oti adzapachikepo chithunzi cha chikho cha chaka chino. Kamphepo anati, "Chabwino, Amayi," n'kubweza foni.

3. Mayeso a pa sitepe

Timu yopita ku mpikisano wa masukulu onse inali yoti isankhidwe Lachisanu. Lolemba la sabata imeneyo Madamu anamuitanira pa khonde la labu. Pamenepo panali sitepe imodzi yotsikira pabwalo, moyang'anizana ndi chitseko chagalasi cha laibulale, chimene munthu ankadzionerapo thupi lonse.

Madamu anagwada, n'kutulutsa choko m'thumba. Anajambula mzere kuchokera pakati pa ntchafu, kudutsa pabondo, kutsika mpaka pa chala chachiwiri cha phazi.

"Ima pa sitepe ndi mwendo wakumanja," anatero. "Utsitse chidendene chakumanzere mpaka chikhudze pansi, pang'onopang'ono. Maso ako akhale pagalasi. Mzerewu ukakhala wowongoka, Lachisanu uthamanga. Ukathyoka, suthamanga."

Kamphepo anaima, n'kuyamba kutsika. Asanafike n'pakati pomwe, chiuno chinapendekeka, bondo linagwera m'kati, ndipo mzere unathyoka pagalasi onse awiri akuona. Ululu uja unabwera pamalo pake pomwe.

Madamu anatembenukira kwa iye.

"Masabata onsewa wakhala ukuchita mafizo?"

"Tsiku lililonse, Madamu. Sindinajombepo."

"Tandionetsa."

Kamphepo anagona pakhonde n'kuchita mlatho. Chiuno chinakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ndipo m'kanthawi kochepa anali ataimirira, akusasa fumbi pa siketi.

"Akukuthamangitsa ndani?" anafunsa Madamu.

"Palibe, Madamu."

"Nanga ukupikisana ndi ndani?"

Kamphepo anayang'ana pansi.

"Gonanso," anatero Madamu, n'kukhala pa sitepe pafupi naye. "Ndinakupatsa kiyi osabwera kudzaona, limenelo ndi gawo langa. Tsopano mvera gawo lako. Liwiro limakuthandiza kubwalo, koma pano likukunamiza. Ukaponya chiuno m'mwamba mothamanga, umene ukugwira ntchito ndi msana pamodzi ndi ntchafu, zimene zinali zamphamvu kale. Minofu ya m'matako ija ikupitiriza tulo. Mnofu waulesi umadzuka ukausenzetsa katundu n'kuusiya nayo. Kanikiza zidendene pansi. Kwera pang'onopang'ono ngati pamimba pako pali beseni lodzaza madzi. Ukafika pamwamba, finya matako, ukhale pomwepo, upume mpweya modekha. Potsika uchedwe kuposa mmene unakwerera. Pa nkhanu, zala za kumapazi ziloze kutsogolo, ndipo mwendo wotsatira usaukoke ngati thumba. Pa mpando, mawondo atsate zala, asapsompsonane. Ukamva kutentha kumbuyoku ndi m'mbali mwa chiuno, dziwa kuti wagogoda pa khomo loyenera. Ukamva kuwawa m'bondo kapena kumsana, siya, ubwere udzandiuze."

Kamphepo anakanikiza zidendene n'kuyamba kukwera. Madamu anaika dzanja pamimba pake kuti asafulumire. Atafika pamwamba, miyendo inayamba kunjenjemera. Kumbuyo kunayaka moto umene anali asanaumvepo chiyambire mafizowo.

"Ndi imeneyo," anatero Madamu. "Yadzuka. Usatsike."

Atatsika, thukuta linali chuchuchu pamphumi, ngati wazungulira bwalo lonse.

"Za kuseka kwa anzako ndinazimva," anapitiriza Madamu. "Mawu akuti matako ndi amene akukuchititsa manyazi. Komatu minofu imeneyi sitinapatsidwe kuti tizingokhalira. Ndi imene imakukankha pothamanga, ndi imene imakukweza masitepe, ndi imene idzakudzutse pampando ukadzakalamba. Ukathamanga Lachisanu ndi bondo lotereli, mwina upambana, sindikukana. Koma bondo siliiwala. Lidzakudikira pa ngodya ya bwalo, mwina chaka chino, mwina chamawa, ndipo amene akukuombera m'manja lero sadzakhalapo kuti akugwire mkono potsika basi. Mpikisano umabwera chaka ndi chaka. Mawondo unapatsidwa awiri okhawa, ndipo kusitolo sagulitsa ena."

"Koma Madamu, ndikapanda kuthamanga Lachisanu, malo anga apita."

"Apita, inde. Sindikunamiza. Atenga Chiwala, ndipo mwina sadzabweza." Madamu anamupatsa kachidutswa ka choko kaja. "Sunga aka. Lachisanu ine kulibe, ndikupita ndi timu ya mpira wamanja. Galasi ili silichoka, ndipo silikondera."

Madzulo Kamphepo anafika kunyumba mzere uja usanafufutike. Azakhali anauona ali pamakina.

"Nanga chokocho? Kusukulu kwanu ayamba kudula ana ngati nsalu?"

Kamphepo anaima pa sitepe ya pakhomo ndi mwendo umodzi n'kutsika pang'onopang'ono. Azakhali anasiya kupalasa makina. Anatsitsa magalasi awo pamphuno, n'kuyang'ana mzerewo monga ankayang'anira chovala chosokedwa ndi wophunzira.

"Msoko wakhota," anatero motsitsa mawu. "Tachitanso ndi mwendo winawo."

Anachita ndi mwendo wakumanzere. Bondo linatsika mowongoka.

Azakhali anabwezera magalasi m'malo mwake n'kupitiriza kusoka.

4. Lachisanu

Masiku otsatirawo Kamphepo anachita mafizo ake mochedwa, monga anamuuzira. Ankatuluka m'kachipinda kaja anzake onse atapita kwawo. Minofu ya m'chiuno inkawawa pokhala ndi podzuka, koma bondo linali phee.

Lachisanu m'mawa anapeza chubu chija chili pamwamba pa nsapato zake. Chinali chitakutidwa ndi nsalu yofewa kuti chisamatsine khungu, ndipo msoko wake unali wowongoka bwino. Azakhali anali atatembenukira kukhoma ngati akugona.

Masana wezulo anali m'khosi mwa achiwiri kwa ahedi, amene ana ankangowatcha a Depute. Bambo amenewa ankakonda chikho chija kwambiri. Chinkakhala m'kabati ya mu ofesi yawo, ndipo ankachipukuta okha ndi mpango wa m'thumba.

Kamphepo ankalowera kuseri kwa holo, kiyi ali m'manja, pamene Kaputeni anamuthamangira.

"Aise, Madamu kulibe. A Depute akukufuna kubwalo."

Kubwalo kunali kutadzaza ana. A Depute anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kamphepo, ndakuona ukubwera apo. Ukutsimphina?"

"Ayi, Sala."

"Bondolo likuwawa panopa?"

"Panopa ayi, Sala."

"Ndiye vuto lili pati? Ife pa msinkhu wakowo tinkathamanga minga ili kuphazi, n'kukaizula titapambana. Thamanga kamodzi kokha ndikulembe. Mayina akupita lero. Amene sathamanga lero, ku mpikisano sapita."

Kaputeni anamugwira dzanja n'kumufumbatitsa kamtengo.

"Takusowa, mnzanga," anatero monong'ona. "Chiwala liwiro ali nalo, koma polandira amagwetsa. Bwerera. Madamu akamadzamva, dzina lidzakhala litapita kale."

Panali patapita masabata ambiri munthu asanamuuze kuti wamusowa. Kamtengo kaja kanakhala m'dzanja mwake ngati sikanachokemo. Ankadziwa ngakhale pamene panasupuka penti.

"Sala, ndipatseniko kanthawi pang'ono," anatero.

"Fulumira. Tiyamba ndi anyamata."

Anayenda mpaka pa khonde la labu. Kunalibe munthu, chifukwa onse anali kubwalo. Anaika kamtengo pansi, n'kutulutsa choko, n'kujambula mzere kuchokera pantchafu mpaka pa chala. Anaima pa sitepe n'kuyang'ana pagalasi.

Anayamba kutsika. Mzere unakhala wowongoka. Anapitirira pamene unathyokera Lolemba, udakali wowongoka. Chidendene chitatsala pang'ono kukhudza pansi, chiuno chinapendekeka, bondo n'kulowa m'kati.

Anayesanso. Zinachitika chimodzimodzi, pamalo omwewo.

Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe amene anaona. Mpopi wamadzi unali pafupi, ndipo choko sichichedwa kuchoka. Kubwalo wezulo analira, ana n'kuyamba kukuwa. Kamphepo anaima pamenepo mpaka phokoso lija litazirala. Kenako anatola kamtengo n'kubwerera, mzere uli pamwendo.

Anadutsa Kaputeni, n'kukaima pamaso pa Chiwala. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo pang'ono ngati akuyembekezera kukalipiridwa.

"Polandira usamayang'ane m'mbuyo," anatero Kamphepo. "N'chifukwa chake umagwetsa. Tambasula dzanja, chala chachikulu chiloze pansi. Ukamva kakukhudza, fumbata, uzipita."

Anamuika kamtengo m'dzanja.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa a Depute.

"Sindithamanga, Sala. Mzere wathyoka."

"Mzere wanji?" Anayang'ana mizere yoyera ya pabwalo, kenako mwendo wa Kamphepo, n'kupukusa mutu. "Ana a masiku ano. Waganiza bwino? Ndikalemba ndalemba."

"Ndaganiza, Sala. Ndipo kiyi uyu ndi wa chipinda cha mipira. Sindimufunanso."

A Depute analandira kiyi uja mosamvetsa n'kumuponya m'thumba. Kaputeni anamuyang'ana Kamphepo m'maso.

"Watitaya," anatero, n'kumufulatira.

Kamphepo anapita m'mbali mwa bwalo, pa udzu pomwe anayambira tsiku loyamba lija. Anamanga chubu cha nsalu m'mawondo, n'kugona chagada, n'kukanikiza zidendene pansi.

Wailesi sanachedwe.

"Omvera athu, mlimi uja wabwereranso kumunda. Chaka chino feteleza wabwera atavala diresi."

Ana anaseka. Kamphepo anapitiriza kukwera, pang'onopang'ono, maso ali kumwamba. Atafika pamwamba anakhala pomwepo.

"Akukwera," anatero Wailesi. "Akadakwerabe. Omvera, akadali pomwepo." Anakanda m'mutu. "Aise, tsika, nkhani zithe."

Ena anasekanso, koma pang'ono. Chinthu choyenda mochedwa chotero n'chovuta kuchiulutsa. Wailesi anaimaima, kenako ananyamula botolo lake n'kupita kukaonera mpikisano. Anzake anamutsatira.

Wezulo analira. Kamphepo sanadzutse mutu. Mapazi a othamanga ankawamvera kumsana, kudzera m'nthaka. Anamva woyamba akudutsa, wachiwiri, wachitatu. Kenako bwalo lonse linayamba kuimba dzina limodzi, ndipo silinali lake.

"Chi-wa-la! Chi-wa-la!"

Misozi inatsikira m'makutu. Sanaipukute, chifukwa manja anayenera kukhala pansi. Anatsitsa chiuno mochedwa kuposa mmene anachikwezera, n'kuyambanso.

5. Mwendo wina

Dzuwa litapendeka bwalo linatsala lopanda anthu. Atsikana a timu anatuluka pageti atakolekana mikono, akuimba. Palibe amene anamudikira. Kamphepo anamaliza nkhanu ndi mpando wosaoneka, n'kukhala pa udzu kuti amasule chubu.

Chithunzithunzi cha munthu chinagwera pa mapazi ake. Anali Chiwala, nsapato zili m'manja.

"Sindinagwetse, asisi," anatero.

"Ndinamva. Wathamanga bwino."

Chiwala sanachoke. Anaima ndi mwendo umodzi, wina ataupinda pang'ono, akuyang'ana mzere wa pamwendo wa Kamphepo.

"Asisi, chokocho chatsalako?"

Kamphepo anamuyang'ana nkhope, kenako mwendo wopindidwa uja. Anaimirira. Anayenda limodzi mpaka pa khonde la labu, ndipo m'njiramo anaona kuti Chiwala akuponda mosamala ngati pansi pali magalasi osweka.

Anagwada n'kumujambula mzere pa mwendo wakumanzere. Anamuuza mawu omwe aja amene Madamu anamuuza iye. Chiwala anaima pa sitepe n'kuyamba kutsika. Sanafike patali. Bondo linagwera m'kati mwamphamvu, ndipo akanagwa Kamphepo akanapanda kumugwira.

"Layamba liti?"

"Sabata yatha. Lero pa ngodya paja linachita ngati andibaya ndi msomali." Chiwala analuma mlomo. "Ndimafuna mundiphunzitse mafizo anuwo. Koma tizichitira kobisika."

"Kobisika n'kumene ndinataya masabata anga onse. Bondo limeneli likufunika dokotala. Madamu ayenera kudziwa."

"Ayi, asisi, chonde." Chiwala anamugwira pamkono. "Kwathu palibe amene anapitapo ku mpikisano. Bambo anga apempha kale tchuthi kuntchito kuti adzandionere. Musauze munthu." Anatsitsa mawu. "Ndiponso mukanena inuyo, aliyense adzati mukufuna malo anu."

Kamphepo anakumbukira nkhope ya Kaputeni. Anadziwa kuti mwanayo sakunama.

Pageti panamveka kulira kwa basi. Atsikana a mpira wamanja ankatsika, ndipo kumbuyo kwawo kunali Madamu, thumba la mipira lili paphewa. Atawaona awiriwo pakhonde, anakhotera komweko.

Chiwala analavulira m'dzanja n'kufufuta choko pamwendo wake mofulumira. Pamene Madamu ankafika, panalibe chotsala. Mtsikanayo anaima chilili, miyendo yonse iwiri itaponda pansi, akumwetulira.

Madamu anatula thumba. Anayang'ana mzere wa pamwendo wa Kamphepo, n'kuyang'ana chubu chokutidwa ndi nsalu chimene chinali m'khosi mwake.

"A Depute andiimbira foni, akudandaula," anatero. "Wachita bwino, mwana wanga. Ndikudziwa kuti zakuwawa." Kenako anatembenukira kwa Chiwala n'kumusisita pamutu. "Ndipo iwe ndamva kuti waulukadi. Tsopano ndiuze, Kamphepo, poti iwe ndiye unali pano ndipo maso ako aphunzira kuona. Timu yanga ili bwanji? Onse anayi ali bwino?"

Kuseri, kumene Madamu sankaona, zala za Chiwala zinafinya mkono wa Kamphepo. M'dzanja lina la Kamphepo munali kachidutswa ka choko kaja, katanyowa ndi thukuta.